Kodi Ulemu wa Mayi Uli M'chiberekero?

Tsiku lina titamaliza phunziro, mayi wina anatsalira n'kundifunsa motsitsa mawu: "Achimwene, adokotala akuti andichotse chiberekero, koma abambo akunyumba akukana. Akuti akandichotsa sindidzakhalanso mkazi. Nditani?" Mayiwo andilola kuti ndibweretse funsoli kuno kuti tilisinkhesinkhe pamodzi.

Choyamba timvetse chifukwa chake madokotala amafika pochotsa chiberekero. Amayi ena amakhala ndi zotupa m'chiberekero zimene zimawatayitsa magazi ambiri posamba, mpaka magazi kuchepa m'thupi. Zotupazi nthawi zambiri si khansa, ndipo opaleshoni imabwera njira zina zikalephera. Ena chiberekero chimang'ambika pobereka, kapena magazi amakana kusiya mwana atabadwa. Pamenepo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa zoti apulumutse moyo. Enanso chiberekero chimatsika n'kutulukira kunja. Palinso khansa ya khomo la chiberekero, imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi ikupha amayi ambiri, n'chifukwa chake mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Khansayi ikapezeka isanafalikire, opaleshoni ikhoza kuichiza. Ikachedwa, mpeni sungathandizenso.

Mayi akachotsedwa chiberekero sasambanso ndipo sangatenge pathupi. Koma akachira, kawirikawiri pakatha masabata 6 kapena kuposerapo, amalima, amachita malonda, ndipo amakhala malo amodzi ndi mwamuna wake monga kale.

Tsono bamboyu akuopa chiyani? Tisamuweruze msanga. Tonsefe tinakula tikumva mayi akutchulidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo tinaona mmene wosabereka amanyozedwera pachitsime ndi pamaliro. Kufuna ana n'kwabwino, ndipo kulira chifukwa cha mwana amene sadzabadwa si kulakwa. Chisoni chimenecho n'chenicheni, kwa mwamuna ndi mkazi yemwe.

Koma taganizani. Ngati ulemu wa mayi uli m'chiberekero, ndiye kuti agogo athu amene anasiya kubereka ulemu wawo unatha? Nanga azakhali amene sanabereke koma analera ana amasiye mpaka kuwaphunzitsa sukulu? Palibe amene angavomereze. Chimene timalemekeza mwa iwo ndi chifundo, chilungamo, nzeru ndi kupirira. Amenewa ndi makhalidwe a mzimu, ndipo mzimu si wamwamuna kapena wamkazi. Dokotala akhoza kuchotsa chiwalo, koma makhalidwewa sangawakhudze.

Nanga ayenera kugamula ndani? M'banja n'koyenera kukambirana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma kukambirana kwenikweni kumafuna kuti aliyense alankhule momasuka, ndiponso kuti onse afunefune choonadi, osati kupambana mkangano. Choonadi cha matenda chimapezeka kwa sing'anga wodziwa ntchito yake, monga Bahá'u'lláh anatilangiza kuti tikadwala tizipita kwa madokotala aluso. Bambo apite limodzi ndi mkazi wake kuchipatala, afunse ngati pali njira ina, afunsenso chimene chingachitike akadikira. Akamva zonse, mawu omaliza akhale a mayi, chifukwa ululu ndi wake, magazi akutayikawo ndi ake, ndipo moyo umene uli pangozi ndi wakenso. Mwamuna amene akuletsa opaleshoni pofuna mwana wina akhoza kusiya ana amene ali nawo kale opanda mayi.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Amayi ambiri amabisa opaleshoniyi poopa pakamwa pa anzawo, ndipo ena amazengereza mpaka matenda kukula. Mayi uja akadzatuluka m'chipatala, adzafuna womutungira madzi ndi womuphikira pa masabata oyamba. Tikambirane lero: ndani wa ife adzapite, ndipo tikamva wina akumunena kuti si mkazinso, tidzamuyankha chiyani?