Chishalo Chikathyoka, Mlandu Ngwayani?

Tsiku lina chakumadzulo tidaima pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, pafupi ndi msika wa Chinsapo, pamene mmisiri wina amakonzerapo njinga. Tidapezapo bambo wina wa kabaza atanyamula chishalo m'manja. Chitsulo cha pansi pake chidali chitathyoka, sipuling'i imodzi itatuluka, chikopa chitang'ambika. Njingayo idali isadathe miyezi iwiri chiigulireni, ndipo palisiti mwini sitolo adalembapo ndi dzanja lake kuti galanti ndi miyezi itatu. Koma bamboyu adaulula yekha kuti dzulo lake adagwera m'ngalande atamanga matumba atatu a makala ochokera ku Dzalanyama.

"Achimwene," adafunsa iye, "ndikakanena kusitolo kuti chidangothyoka chokha ndikupalasa, angadziwe kodi?"

"Iwo mwina sangadziwe, bambo," adayankha mmisiri uja. "Koma ine ndadziwa. Chitsulo chothyoka chokha sichipindikira kumbali."

Nkhaniyi ndi yaing'ono, awerengi athu, koma funso lili m'kati mwake n'lalikulu ndithu: kodi wopanga chinthu akatilonjeza kuti n'cholimba, watilonjeza chiyani kwenikweni, nanga ife tavomera chiyani polandira lonjezo lakelo?

Chishalo chidayambira pamsana pa kavalo. Kuno kwathu akavalo sadachuluke, pakuti m'madera ambiri a Afrika nthenda yofalitsidwa ndi kashembe inkawapha. Ife tidazolowera abulu ndi ng'ombe za ngolo. Koma ngakhale chishalo cha njinga n'chobadwa kwa amisiri a zikopa za akavalo. John Boultbee Brooks adayamba ntchito yosoka zomangira akavalo mu mzinda wa Birmingham m'chaka cha 1866, ndipo mu 1882 adalembetsa kuboma chishalo cha njinga cha mapangidwe akeake. Tsono ku Amereka, kumene abusa a ng'ombe amasweretsa dzuwa ali pakavalo, chishalo chimamangidwa pa mtanda wa mtengo wokutidwa ndi chikopa chosafufuta, ndipo kutsogolo kwake kuli nyanga yokulungapo chingwe akakola ng'ombe. Opanga zishalozi kawirikawiri amaika galanti yawo pa mtanda wa m'katiwo, ena kwa zaka zisanu, ena khumi. Chikopa chikatha ndi ntchito, kapena kavalo akagubuduka nacho, mlandu ngwa mwini.

Tikaganiza bwino, kugawa mlandu kotereku n'kwanzeru. Wopanga akuti: chobisika m'kati, chimene inu simukadatha kuchiona pogula, ndichisenza ine, chochokera m'manja mwanu, senzani inu. Chomwecho galanti ndi pangano la anthu awiri osakhulupirirana kwathunthu, amene agwirizana kuti aliyense adzanena zoona za mbali imene mnzake sangaione. Wogula sadalowe m'fakitale, ndipo wopanga sadaone ngalande ya dzulo. Bambo wa kabaza akakanama kusitolo, ndiye kuti watenga chishalo chimene sichili chake, ndipo kusadziwa kwa mwini sitolo sikusandutsa kuba kukhala mwayi. Palinso china: wamalonda akanamizidwa kawiri katatu amaumitsa mtima, kotero kuti mayi wa ku Mgona wobwera mawa ndi dandaulo loona ndiye amakalipira bodza la munthu amene sakumudziwa n'komwe.

Tikadalekera pamenepa tikadakhala ngati woweruza amene wamva mbali imodzi. Bambo uja sadamange matumba atatu chifukwa chopusa. Kunyumba kuli lendi, kuli ana a sukulu, ndipo thumba limodzi silingalipire ulendo wa ku Dzalanyama ndi kubwerako. Nanga wogulitsa njinga mu Lilongwe muno angalumbire kuti sadziwa ntchito imene njingazo zikukagwira? Amaziona tsiku ndi tsiku zikutsika kuchokera ku Area 23 ndi ku Kawale zitanyamula munthu wamkulu pakaliyala, kapena chimanga, nkhuni, ngakhale mbuzi. Akagulitsa njinga yopangidwira mwana wa sukulu kwa munthu amene wanena poyera kuti n'ja kabaza, n'kulemba galanti imene akudziwa kuti idzafa tsiku loyamba la ntchito, ndiye kuti nayenso wanama, kungoti bodza lake lavala jekete. Ife tikuona kuti bodza limeneli n'lolemera kuposa la wokwera uja, popeza wamalonda ndiye adali ndi chidziwitso, ndiye adali ndi cholembera, ndipo njala sidali kumuthamangitsa. Kupanga njinga yoyenera moyo wathu n'kotheka: njinga za Buffalo, zochokera ku bungwe la World Bicycle Relief lomwe lidayamba mu 2005, zili ndi kaliyala wopangidwira katundu wa makilogalamu 100.

Malamulo a dziko sadatisiye pamtetete. Lamulo loteteza ogula lidakhazikitsidwa mu 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wosayenera. Mawu aja olembedwa pansi pa malisiti ambiri, akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, sangafafanize udindo wa wogulitsa chinthu chobadwa ndi chilema. Lisiti tizisunga, abale. Ambiri a ife timalitaya tisadatuluke n'komwe pakhomo la sitolo.

Pali mfundo ina m'mapepala a galanti imene imativuta kwambiri. Opanga ambiri, a zishalo za akavalo ndi a zinthu zina zomwe, amati mukangopereka chinthucho kwa mmisiri wina kuti achikonze, pangano latha. Chifukwa chake n'chomveka: safuna kusenza zolakwa za manja amene sakuwadziwa. Komabe mfundoyi idalembedwa poganizira munthu amene angathe kudikira. Mwini akavalo asanu atumiza chishalo kufakitale nakwera china. Wa kabaza wa ku Area 25 akasiya njinga kusitolo masabata awiri, ana ake agona ndi njala masiku khumi ndi anayi. Motero amapita pansi pa mtengo, kapena kwa owotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo potero amataya ufulu umene adaulipira pogula. Pepala lidalemba anthu onse mofanana, koma amene limamuthandiza ndi yekhayo amene sakadavutika kwambiri ngakhale likadapanda kukhalapo.

N'chifukwa chake mmisiri wa pansi pa mango uja adatipatsa maganizo. Iye alibe chidindo, alibe lisiti. Koma sangathawe ntchito ya manja ake, pakuti mawa adzakhala pa mtengo womwewo, ndipo mkazi wake amatunga madzi pa mpope umodzi ndi mkazi wa kasitomala. Sitikuti amisiri onse ngolungama. Tonse tidakumanapo ndi wina amene adatichotsera chitsulo chabwino natiikira chakutha. Koma wotereyu mbiri yake imazungulira dera lonse sabata isadathe, chifukwa mlandu suola, pomwe fakitale ya kutsidya kwa nyanja siidzamva n'komwe kuti ku Chinsapo kudathyoka chishalo.

Bambo wa kabaza adakhala chete kwa kanthawi akutembenuzatembenuza lisiti lija, kenaka adalipinda nalibwezera m'thumba. Mmisiri adatuma mwana kukawotcheretsa chitsulocho, adabwezera sipuling'i, nasoka chikopa ndi ulusi wochokera m'tayala lakutha. Polandira ndalama adaloza ndi chala pamene padali msoko wa moto.

"Chikadzathyoka apa, bambo, mudzabwere nacho, ndidzakonza ulere. Chikadzathyoka pena, mudzabwere ndi ndalama. Ndipo makala aja muzimanga awiri."

"Awiri sakwana, achimwene," adatero bamboyo, akukankhira njinga yake kumsewu.