Kodi Mumalola Kusemedwa ndi Mmisiri Wamkulu?

1 Kwa zaka zambiri amuna a ku Malaŵi otengedwa ndi Wenela anali kuswa thanthwe m'migodi ya golidi yonga Geduld ndi Daggafontein ku Springs, kum'maŵa kwa Johannesburg. Miyala imene anakumba inaperedwa kufikira itakhala fumbi. Koma wosema miyala amagwira nyundo ndi chifuno china. Iye amachotsa kokha mbali yosafunika kotero kuti mwalawo ukhazikike bwino m'khoma.

2 Talingalirani luso lake. Choyamba amapenda mmene mwala unayalikirana m'thanthwe, pakuti akaugoneka mosemphana ndi mizera yake, madzi amaloŵa ndipo umafundudwa m'kupita kwa zaka. Amaugogoda kuti amve ngati uli ndi mng'alu wobisika. Ndiyeno amasalaza nkhope yake ndi tchizulo, akumaika mwala umodzi pamwamba pa malo okumanira miyala iŵiri. Nyumba za boma za Union Buildings ku Pretoria, zomalizidwa mu 1913, zidakali chiimire monga umboni wa ntchito yoteroyo.

3 Mfumu Solomo anali ndi amuna 80,000 osema miyala m'mapiri. Mwala uliwonse unakonzedweratu kumalo okumbirako, kwakuti phokoso la chipangizo chachitsulo silinamveke pamalo omangapo kachisi. (1 Mafumu 5:15, 6:7) Pambuyo pake mtumwi Petro anayerekezera Akristu ndi miyala yamoyo ya nyumba yauzimu, imene mwala wake wapangodya ndiye Yesu Kristu. (1 Petro 2:4-6) Chotero kusemedwa kumayamba, ndipo malo m'nyumbayo amatsatira.

4 Komabe, mosiyana ndi mwala weniweni, munthu angakane. Pamene mkulu wa mpingo atisonyeza m'Malemba kuti kupsa mtima kwathu kukuvulaza banja, kodi timakwiya ndi kuleka kusonkhana? Mwala wokana kusalazidwa umasiya mpata m'khoma, ndipo miyala yoyandikana nawo ndiyo imasenza kulemera kwake. Chilango cha Yehova chimapweteka kwa kanthaŵi, koma chimachokera m'chikondi ndipo chimabala mtendere. (Ahebri 12:6, 11) Tiyenitu tichilandire mofatsa pamene Mmisiriyo akali kugwira ntchito pa ife.

1. Kodi wosema miyala amasiyana motani ndi wokumba mgodi?
2, 3. Kodi mwala umakonzedwa motani, ndipo Petro anauyerekezera ndi yani?
4. Kodi nchifukwa ninji kukana uphungu kumavulazanso ena?