Za Ubwenzi ndi Oimba Apaulendo

Tsiku Loweruka, dzuwa litapendeka, pamsika wa m'mbali mwa msewu pamaima minibasi yotopa, yosenza masipika pamwamba, ng'oma ndi magitala m'kati, ndi anyamata asanu ndi mmodzi okhala mothinana pakati pa katunduyo. Amenewo ndiwo oimba apaulendo, opanda kampani yaikulu yowalipira kapena bwana wowatuma, amene amadziyendera okha kuchoka boma lina kunka boma lina, nadya chimene apeza pakhomo la holo. Asanatsitse ndi katundu yemwe, pamapezeka mnyamata wa pamalopo amene amawathamangira, nawathandiza kunyamula, nawalozera kumene kuli nsima yotsika mtengo ndi kumene angabwereke jenereta magetsi akazima. Pofika pakati pa usiku mnyamatayo amakhala atadya nawo m'mbale imodzi, dzina lake litatchulidwa pamaso pa anthu, ndipo m'mawa mwake amaima pamsewu kuwatsazika ngati abale ake. Akafika kwawo, amake amamufunsa kumene wachezera, iye nati, "Ndinali ndi abwenzi anga, amayi." Amakewo nati, "Ubwenzi wanji, mwana wanga, ndi anthu amene wawaona dzulo, osadziwa ndi mudzi wa kwanu womwe?"

Funso la mayiyo si lachabe, ndipo anzeru akale ali mbali yake. Aristotle wa ku Greece, amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anagawa ubwenzi patatu. Pali ubwenzi wa phindu, monga wa wogulitsa ndi womugula. Pali ubwenzi wa chisangalalo, monga wa anthu okonda kuseka pamodzi. Ndipo pali ubwenzi wa ukoma, pamene munthu afunira mnzake zabwino chifukwa cha mnzakeyo, osati chifukwa cha chimene atolapo. Mitundu iwiri yoyambayo imatha msanga, phindu likatha kapena chisangalalo chikazilala. Wachitatuwo ndiwo wokhalitsa, koma sumera tsiku limodzi, pakuti anthu sadziwana mtima asanathe mchere wambiri podyera pamodzi. Tsono oimba afika Loweruka nachoka Lamulungu, ndipo mchere umene adya ndi mnyamatayo ndi wa ndiwo za usiku umodzi. Poyesa ndi muyeso umenewu, iye ali ndi ubwenzi wa chisangalalo chabe, ndipo oimbawo ali ndi wa phindu, popeza apeza wonyamula katundu wosafuna malipiro.

Komatu mlandu suthera pamenepo. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, ndipo chifukwa cha kusachedwa kwakeko ayenera kulandiridwa bwino lero lomwe. Kuchereza sikudikira kuti anthu ayambe adziwana. Madzi amapatsidwa kwa wapaulendo asanafunsidwe dzina. Potero mnyamata uja sanachimwe ponyamula ng'oma za anthu achilendo. Anangofulumira kutcha dzina. Chimene anachita ndi kuchereza, ndipo kuchereza ndi mbewu imene nthawi zina imabala ubwenzi, nthawi zina imafera m'nthaka. Chofunika kudziwa ndicho ichi: mbewuyo ikamera, idzazindikirika bwanji kuti ndi chimanga osati namsongole?

Chiyeso choyamba chili pakhomo la holo, ndipo ndi chiyeso cha ndalama, ngakhale kuti ena adzanyansidwa pomva ndalama zikutchulidwa pa nkhani ya ubwenzi. Gulu lodziyendera lokha limakhala m'ngongole lisanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe. Mwini holo afuna zake. Mwini minibasi afuna zake pamodzi ndi za mafuta. Masipika kawirikawiri amakhala obwereka. Wosindikiza mapepala olengeza analandira kale. Alonda a pakhomo nawonso sagwira ya ulere. Zotsala, ngati zatsala, ndizo amagawana oimbawo. M'masiku a makaseti woimba ankapezako kangachepe pogulitsa nyimbo zake, koma chiyambire pamene nyimbo zinayamba kuyenda pa foni, kuchoka kwa munthu kunka kwa mnzake popanda kulipira ndi tambala yomwe, chakudya cha oimba ambiri chatsalira pakhomo basi. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti lizitolera malipiro a eni nyimbo, limagawa ndithu zimene latolera. Koma kagulu kosamveka kawirikawiri pa wailesi sikangadalire zimenezo kuti kagulire ufa.

Chodabwitsa ndi chakuti amene amadzitcha abwenzi a oimba ndiwo amatsogola kukana kulipira. Munthu wosadziwika amatulutsa ndalama yake mwakachetechete nalowa. Koma wodzitcha bwenzi amafika ndi anzake anayi, naima pakhomo, nauza mlonda kuti akaitane woimba gitala. Ndipo woimbayo, pochita manyazi kukana munthu amene anamusonyeza njira masana, amagwedeza mutu, onse asanu nalowa. Kenaka amayembekezanso kugulidwa chakumwa. Munthu wotere akabwerera kwawo amasimba monyada kuti iye salipira pakhomo chifukwa oimba ndi anzake, osazindikira kuti wadya nsima ya ana a mnzakeyo. Palibe munthu wolongosoka amene amalowa m'golosale ya mnzake nanyamula shuga kwaulere ponena kuti ndi ubwenzi. Kapena tinene kuti alipo, ndipo ndi chifukwa chake magolosale ena a m'midzi sakhalitsa. Chilungamo chimatsogola, ubwenzi nutsatira pambuyo. Amene sanayambe wapatsa wantchito malipiro ake sangadumphe kukamupatsa mtima.

Chiyeso chachiwiri ndi chobisika kuposa choyamba. Pali kukonda nyimbo, pali kukonda woimba, ndipo palinso kukonda kuwala kumene kwagwera woimbayo usiku umenewo. Ambiri amene amathamangira kuseri kwa nsanja amafuna chachitatuchi: ajambulidwe ataima pambali pake, anthu a pamsika awaone. Kuwalako kukachoka iwonso amachoka. Allan Namoko, woimba banjo wosaona wa ku Thyolo, amene ankayenda ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, anali ndi omukonda m'dziko lonse. Nyimbo zake zinamveka pa wailesi ya MBC zaka zambiri, ndipo kufikira lero akuluakulu amaziimbira m'mitima. Koma pamene anamwalira m'chaka cha 1995 sanasiye chuma choyenera munthu amene anasangalatsa mtundu wonse. Anthu anakonda mawu ake koposa, ndipo sikulakwa kukonda mawu okoma. Kulakwa ndiko kuyesa kuti kuwomba m'manja ndi ubwenzi.

Mayi uja ali ndi mantha enanso amene sanawatchule, ndipo aphunzitsi a m'mipingo amawadziwa bwino. Magule ambiri a usiku amachitikira pamalo a mowa. Munthu amene achoka m'mawa saopa maso a anansi, pakuti alibe anansi pamenepo. Ndipo sizachilendo kumva za mtsikana amene anatsala ndi mimba, kapena ndi matenda, ya munthu amene nambala yake ya foni inaleka kuyankha. Izi siziyenera kupeputsidwa. Woimba amene adya nsima ya pamudzi naononga mwana wa pamudzipo wachita choipa choposa cha wolowa kwaulere uja, popeza waipitsa njira ya alendo onse obwera pambuyo pake.

Koma mankhwala ake si kutseka chitseko. Mlendo amene wasiyidwa kuti agone kumalo a mowa amakhala munthu wa kumowa. Yemweyo akaitanidwa pakhomo, nasamba m'manja pamaso pa abambo ndi amayi a nyumbayo, nafunsidwa za kwawo ndi za ana ake, amakumbukira kuti nayenso ndi mwana wa munthu. Ndipo ntchito ya kuimba pa iyo yokha si yonyansa ai. Alleluya Band, gulu limene layenda m'madera ambiri a Malawi ndi ku Italy komwe, linayambira pa parishi ya Balaka m'chaka cha 1978, pamene Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort anasamala za anyamata okonda kuimba, mmodzi wa iwo Paul Banda. Ndipo m'gulu lomwelo anakuliramo mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira m'chaka cha 2024. Akadawayesa anyamata osokonekera, nyimbo za ku Balaka sizikadamveka monga zinamvekera.

Kodi tsono kudziwana kwa panjira kungasanduke ubwenzi wa mtundu wachitatu uja? Pali nkhani imodzi ya m'dziko muno imene iyankha bwino kuposa mfundo zonse.

Daniel Kachamba, wobadwa m'chaka cha 1947, ndi mng'ono wake Donald anakhala zaka zingapo za ubwana wawo ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, kumene bambo wawo anali pa ntchito. Kumeneko anamva nyimbo za kwela, zochokera m'makomboni a ku South Africa, zoimbidwa ndi katoliro kachitsulo kotsika mtengo pamodzi ndi gitala ndi chingwe chimodzi chomangidwa pabokosi. Banjalo litabwerera kwawo ku Singano, pafupi ndi Chileka, anyamatawo anayamba kuyendayenda ndi nyimbo zawo, kuimba m'misewu ndi m'misika, kulandira makobiri a odutsa. M'chaka cha 1967, mu mzinda wa Blantyre, anawamva Gerhard Kubik, munthu wa ku Vienna m'dziko la Austria, wophunzira za nyimbo za mu Africa, amene anayamba maulendo ake mu Africa m'chaka cha 1959. Pa nkhani iyi onse anali apaulendo, womvera ndi oimba omwe, ndipo panalibe chowamanga kuti adzaonanenso. Iye akadatha kujambula mawu awo, nawapatsa ndalama pang'ono, napita, monga achitira ambiri.

Sanatero. Anawatsatira kumudzi kwawo, nabwereranso, nabwereranso, kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1972 nyimbo za a Kachamba zinakaimbidwa ku Ulaya ndi eni ake. M'chaka cha 1974 Kubik anatulutsa buku lonena za gulu lawo, dzina la Kachamba lili pachikuto. Ndipo chachikulu koposa ndi ichi: munthu wophunzira kwambiriyo anakhala pansi ngati mwana wa sukulu, naphunzira kaimbidwe ka kwela kwa Donald, mnyamata amene iye anamuposa ndi zaka pafupifupi 20, nalowa m'gulu lake ngati mmodzi wa oimba, nayenda nalo m'maiko ambiri pansi pa dzina la mnyamatayo.

Wina adzati, ndipo ayenera kumvedwa, kuti ubwenzi wotere suli wolingana: mmodzi anali ndi chiphaso choyendera, sukulu zapamwamba ndi osindikiza mabuku, pamene enawo anali ana a m'mudzi; ndipo Daniel anamwalira m'chaka cha 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Zoonadi, ubwenzi wa anthu osiyana chuma ndi wovuta, ndipo Aristotle yemwe anaona vuto limeneli. Wopata amayesedwa kusanduka bwana, wosowa amayesedwa kusanduka wopempha. Koma kusiyana kwa chuma sikuchotsedwa ndi kupewana. Kumachepa pamene wopatayo avomera kuti pali chinthu chimene iye alibe, chimene mnzakeyo ali nacho, nalola kuphunzitsidwa. Mnyamata wa pamsika uja alibe mabuku kapena maulendo a ku Ulaya oti apatse oimba ake, ndipo sizifunika. Ali ndi ndalama ya pakhomo, mphasa ya kwa amake, ndi kukumbukira. Angathe kufunsa za mwana wa woimba ng'oma amene anali kudwala. Angathe kuuza anzake kuti gululo likubweranso. Angathe kupita kumaliro. Ngati minibasi ija ibwera chaka chamawa ndipo anthu achepa chifukwa kwatuluka gulu lina lotchuka, pamenepo padzaoneka ngati amake ananena zoona.

Oimba nawonso ali ndi mangawa awo, ndipo ndi ochepa koma olemera: kuimba ndi mphamvu zonse ngakhale m'holo muli anthu khumi, kusiya nyumba ya wowalandira monga anaipeza, ndi kusaiwala dzina lake atatchuka.

Donald Kachamba anaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya California ku Los Angeles m'chaka cha 1999, ndipo anamwalira m'chaka cha 2001, atabwerera kwawo. Panali patapita zaka zoposa 30 chionanirane ndi mlendo uja mu Blantyre. Gululo silinathe ndi maliro ake. Otsala a ku Singano, pamodzi ndi Moya Malamusi amene anakulira m'nyimbo zomwezo, analipitiriza pa dzina la Donald, ndipo pakati pawo panali Kubik, tsitsi litayera, akuliza chitoliro chake m'nyimbo zimene anaphunzira kwa malemuyo.