Kuthamanga Si Kufika

Pa masewera a Olympic a mu 1988, ku Korea, anyamata athu a mpira anagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, Kalusha Bwalya nagoletsa zitatu. Patapita masiku owerengeka, Ben Johnson wa ku Canada anapambana liwiro la mamita 100. Koma madotolo atapeza mankhwala okulitsa minofu m'thupi mwace, anamlanda mphotho.

Tsono ena amati, "Thupi ndi lace, walakwira yani?" Funso limeneli nloyenera kuliyankha, pakuti nayenso mnyamata wodzuka m'mamawa kukazoloweza thupi lace afuna kuposa anzace. Koma iyeyu acita poyera, m'njira imene ali yense angathe kuitsata. Wakumwa mankhwala abisa, cifukwa adziwa kuti alikuba thukuta la mnzace. Ndiponso amkakamiza mnzaceyo kusankha pakati pa kugonja ndi kuononga moyo wace.

Inu amene mumenya mpira m'pfumbi la ku Matero ndi ku Chawama, taganizani: ulemu wa Johnson unatha masiku atatu okha, koma wa Kalusha tikali kuunena. Akuru anati, kuthamanga si kufika.