Mseu Ngwa Yani?

Munthu akaona denga lace likudontha, amafuna udzu tsiku lomwelo. Koma akaona madzi akukumba mseu, amangolambalala, nanena, "Ngwa Boma." Kodi mau amenewa ngoona?

Ngoona mbali imodzi. Lamulo la miseu la caka ca 2002 linakhazikitsa bungwe la Road Development Agency, ndipo miseu yaing'ono ya kumidzi amaisunga ndi makhonsolo. Ndalama zina zokonzera zimacokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Cotero khansala woiwala mseu wa anthu amene anamsankha ali ndi mlandu, ndipo mudzi uyenera kumfunsa mosaopa.

Koma mdani wamkulu wa mseu wadothi ndiwo madzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ngalande ikatsekeka ndi mcenga, kapena mlimi akalima mizere kufikira m'mphepete, mvula ya Januwale imayenda pakati pa mseu, niung'amba. Nchito imene khasu limodzi likadatha m'mawa umodzi imasanduka yofuna makina. Pamenepo ngolo yonyamula mai wodwala imafika ku cipatala mocedwa.

Pomanganso linga la Yerusalemu masiku a Nehemiya, ansembe anakonza yense gawo loyang'anana ndi nyumba yace. Mlatho ndi makina nza khonsolo. Ngalande ya pakhomo nja mwini khomo. Woitsegula mvula isanagwe wathandiza mnansi amene sadzamdziwa dzina, ndipo Mulungu aona.