Chingwe cha Mlaliki pa Mtsinje wa Luia

Mlaliki 4:12 amayamikira chingwe cha nkhosi zitatu, ndipo abusa a ku Chifunde, monga anzawo kwina konse, amatolapo phunziro la umodzi. Koma kodi kulukana pakokha n'kokwanira?

Msodzi wa pa Luia akagula chingwe choluka cha nkhosi 4 kapena 8 amachipeza choterera. Akangochimanga pa chokulungira chopanda kanthu, chimangozungulira osagwira, n'chifukwa chake amayamba wayala nayiloni pansi. Pokulunga amachipana ndi kansalu konyowa kuti chithine. Akachita ulesi pamenepa, mcheni ukakoka mwamphamvu chingwe chimalowerera m'mizere yake yomwe n'kupiringizika, nkhosi zonse zili bwinobwino.

Mlaliki sananame ayi, koma ankanena za kuduka kokha. Msodzi waulesi uja nsomba imamupulumuka chingwe chisanaduke n'komwe.