Zala za Mwana Zimaphunzirira Pakhomo

Ana anga, inu amene mwayamba kumene kulera, senderani pafupi ndikuuzeni za manja a zidzukulu zangazi. Zambiri mukuchita bwino: kusikelo mumapita, katemera simuphonya, m'phala mumathiramo nsinjiro. Chondidandaulitsa n'chimodzi. Mwana akangoti ng'ee, mwamupatsa kale foni, ndipo tsiku lonse chala chimodzi chokha ndicho chikugwira ntchito pagalasipo. Akadzakwanitsa zaka 6 n'kukayamba Sitandade 1, mudzamuona atafumbata pensulo, akutopa mzere usanathe, inu n'kumati ndi waulesi kapena ndi wouma mutu. Mutuwo ulibe mlandu. Dzanja ndilo silinakonzeke.

Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27, ndipo timafupa ta polumikizira dzanja ndi mkono timakhala tisanakhwime mwana akamabadwa. Timalimba pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Luso limayambira paphewa, n'kutsikira pachigongono, kenaka n'kufika kuzala. N'chifukwa chake khanda limayamba ndi kuphapha zinthu ndi mkono wonse, ndipo likamayandikira chaka ndi pamene limatha kutola kanthu kakang'ono ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Choncho musamukakamize wa zaka zitatu kulemba zilembo zing'onozing'ono m'kope. Mpatseni kamtengo ajambule mizere ikuluikulu pamchenga, kapena khala azikhwatcha pakhonde. Mudzakolopa, si nkhani.

Mwina mukuti zoseweretsa zophunzitsa ana n'zodula, n'za ana a m'tauni. Imvani izi. Mu 1907, dokotala wina wa ku Italy, Maria Montessori, adatsegula sukulu yake yoyamba ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Ana a anthu ogwira ntchito zolemetsa ndi amene ankabwera kumeneko. Mwa zina, ankawaphunzitsa kumanga mabatani, kumanga zingwe, kuthira madzi osataya, kusesa ndi kupukuta tebulo. Lero dzina lakelo likalembedwa pachipata cha sukulu, fizi imakwera, koma zambiri mwa zimene mayiyu ankapatsa ana zinali ntchito zapakhomo, zomwezi zimene inu mumawaletsa ana anu poopa kuti akuchedwetsani.

Ife kuno zipangizo tili nazo zambiri, kungoti sitiziyesa kanthu. Mukamakonola chimanga, mpatseni wa zaka zinayi chisononkho chake chimodzi alimbane nacho; chala chachikulu chimalimba pamenepo. Mukamasenda mtedza, naye akhale pamphasa pomwepo. Ikani nyemba palichero azichotsa timiyala ndi zofumbwa, kapena musakanize nyemba ndi chimanga kuti asiyanitse: maso, zala ndi maganizo zikugwirira ntchito limodzi. Bowolani zitsekerero za mabotolo azitunga pa ulusi. Mpatseni mapegi azikuthandizani kuyanika timasokosi, poti kutsina pegi kumafuna zala zitatu zomwe zija zogwirira pensulo.

Koma pa zonsezi, ine ndimaika dongo patsogolo. Mwana akamakanya dongo lakudambo, kulikulungiza, kulitsina kuti atulutse nyanga ndi linunda la ng'ombe, palibe kamnofu ka m'dzanja kamene kamagona. Akalakwitsa amaphwanya n'kuyambiranso, osalira, chifukwa dongo silitha ndipo silimukalipira. Anyamata athu akale ankatha tsiku lonse akuumba ng'ombe, akakula pang'ono n'kuyamba kupinda mawaya kupanga galimoto zokhala ndi chiwongolero chokhota ndithu. Atsikana ankakumba kadzenje n'kusewera phada: kuponya mwala m'mwamba, kukokolola timiyala m'dzenjemo, n'kuwakha mwala uja usanagwe. Tayesani nokha lero muone ngati n'zophweka. Ndipo ine sindiona chifukwa chogawira masewerawa kuti awa ndi a anyamata, awa ndi a atsikana. Mtsikana aumbe ng'ombe, mnyamata asankhe nyemba. Onse akudzagwira pensulo imodzimodzi.

Vuto lalikulu ndi changu chanu. M'mawa mwana mumamuveka nokha, kumumangira mabatani, kumupaka mafuta, kumudyetsa ndi dzanja lanu kuti muthamangire kumsika kapena kuntchito. Ndikumvetsa, moyo ndi wothamanga. Komabe patsiku pezani kanthawi kamodzi koti achite yekha inu mutapinda manja. Ateme nsima yekha, aumbe mbamu yekha, ngakhale ina igwere pansi. Alimbane ndi batani mpaka lilowe. Inunso abambo, izi si za amake okha. Madzulo mukamasewera bawo, muitaneni wamkuluko azikuponyerani njere m'maenje, imodzi imodzi.

Ngati ndalama ilipo ndipo mukufuna kugula, gulani timatabwa tosanjikiza, chekeni chachikulu, ndi kasizasi kosasongoka akafika zaka zitatu kapena zinayi. Chidole cha mabatire choimba ndi kuyenda chokha chisiyeni m'sitolo momwemo, poti chimasewera chokha mwana n'kumangoonerera. Za foni, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe n'komwe foni kapena wailesi yakanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku.

Tsono chenjerani. Nyembazi, mtedza, mikanda ndi timiyala si za mwana wosakwana zaka zitatu, chifukwa iye chilichonse chimapita kukamwa, ndipo mtedza umodzi ukhoza kumutsamwitsa. Ameneyo mpatseni sipuni ndi kambale, makapu olowetsana, mapepala oti azing'amba, madzi ochepa m'beseni inu muli pomwepo. Ngakhale wamkuluko musamusiye yekha ndi nyemba. Zimathera m'mphuno ndi m'khutu. Timabatire tating'ono tozungulira tija bisani kutali, mwana akameza timawotcha kummero. Akachoka kudongo, asambe m'manja ndi sopo asanadye.

Mukaona kuti mwana ndi wamanzere, musiyeni. Kale ankawamenya ana otere kuti asinthe dzanja, ndipo kunali kuwazunza chabe. Koma khanda losakwana chaka likamagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chifumbatire nthawi zonse, musadikire kuti lidzasintha lokha. Tsiku la sikelo likafika, kawauzeni alangizi a zaumoyo kuti alione msanga.